Mbiri ya Pulagi ya Mano Atatu

Pulagi ya mano atatu, imene imapezeka m'nyumba zambiri m'Malawi ndi m'Zambia, inachokera ku Britain. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mabomba anagumula nyumba zochuluka kumeneko, choncho m'chaka cha 1942 boma linasankha komiti yoti ilingalire za kayalidwe ka mawaya m'nyumba zatsopano. M'komitimo munali mayi mmodzi yekha, Caroline Haslett.

Popeza mkuwa unkasowa, mu 1944 komitiyo inalangiza kuti masoketi ambiri azilumikizidwa ku waya mmodzi wozungulira nyumba. Waya wotereyu amanyamula mphamvu yochuluka. N'chifukwa chake pulagi iliyonse inapatsidwa fyuzi yakeyake, yoti izipsa msanga chingwe chisanagwire moto. Malamulo a kapangidwe kake, otchedwa BS 1363, anatuluka mu 1947. Dzino lalitali lija ndilo limatsegula titseko ta m'soketi timene timaletsa mwana kupisamo msomali.

Masiku ano ena amakankha titsekoto ndi kamtengo n'kulowetsamo mawaya opanda pulagi, enanso amamanga waya m'malo mwa fyuzi yakupsa. Akatero, chingwe chikatentha usiku sipakhalanso chodula magetsi msanga, ndipo moto umapeza banja lili m'tulo.