Ma V8 akale a ku Joni: mbiri yake, musanaikepo mpamba

Madalaivala ndi amalonda anzathu a msewu wa Joni, nkhani iyi ikumveka kawirikawiri masiku ano tikakhala pa mzere pa Beitbridge. Wina wapeza galimoto yakale ya injini ya V8 itagona kuseri kwa nyumba, mwiniwake anamwalira, ana akufuna kuichotsa, basi mnzathu wayamba kale kuwerengera phindu. Ena amati aikonza aigulitse, ena akufuna azidzanyamulira akwati ku Blantyre. Tisanafike pa ndalama tiyeni tidziwe kaye kumene magalimoto amenewa anachokera, chifukwa mtengo wake wagona pa mbiriyo. Magalimoto awiri akhoza kuoneka chimodzimodzi, ina n'kukhala chuma, inayo zitsulo zogulitsa pa sikelo.

Azungu amawatchula kuti muscle car. Nzeru yake ndi yachidule: kutenga galimoto wamba yosakula kwambiri n'kuikamo injini ya galimoto yaikulu. Ambiri amati zinayambira ku America mu 1964 ndi Pontiac GTO. Kampani ya General Motors inali ndi lamulo loletsa injini zazikulu m'magalimoto apakatikati, koma John DeLorean ndi anzake ku Pontiac analizemba. Anaika injini ya malita 6.4 mu Tempest n'kumaigulitsa ngati chinthu chongowonjezera chimene wogula wasankha yekha. Ankayembekeza kugulitsa 5,000, anagulitsa opitirira 32,000 chaka choyamba chomwecho. Ford, Dodge, Plymouth ndi Chevrolet onse anathamangira komweko.

Koma amene ife timakumana nawo kuno ambiri si a ku America ayi. Chiwongolero cha ku America chili kumanzere, ndipo boma la South Africa kuyambira mu 1961 linkakakamiza makampani kuti mbali yaikulu ya galimoto, poyeza kulemera kwake, izipangidwa m'dziko momwemo. Galimoto yobwera yathunthu inkadula kwambiri. Ford inali ndi fakitale ku Port Elizabeth kuyambira m'ma 1920, General Motors nayo komweko, tauni imene lero akuitcha Gqeberha. Ndiye m'malo moitanitsa Mustang ndi Camaro zambirimbiri, anayang'ana ku Australia kumene amayenda kumanzere ngati ife, ndipo zina anangodzipangira okha.

Zochokera ku Australia zinali ziwiri zotchuka. Ford Fairmont GT inali Falcon GT ya kumeneko, inkabwera m'mabokosi n'kumangidwa ku Port Elizabeth kuyambira cha mu 1970, ndi injini ya 351, kapena tinene malita 5.8. Zambiri mumazizindikira ndi kachipewa kokokera mpweya kotulukira pa boneti, kamene kamanjenjemera injini ikamalira. Inayo ndi Chevrolet SS, imene kwenikweni inali Holden Monaro yosinthidwa nkhope, ya nyali zinayi kutsogolo, ya injini ya 308 kapena 350. Zaka zitapita, mitengo ya Falcon GT ndi Monaro itakwera koopsa ku Australia, anthu a kumeneko anabwera kudzasesa magalimotowa m'magalaja a ku South Africa n'kuwakweza sitima kubwerera nawo kwawo. N'chifukwa chake yotsala kuno ikapezeka yabwino mtengo wake umadabwitsa.

Nkhani yotsekemera kwambiri ndi ya Basil Green, amene anali ndi galaja yake m'dera la Johannesburg. Bamboyu anatenga Ford Capri, kagalimoto kopepuka ka zitseko ziwiri kochokera ku Ulaya, n'kuikamo V8 ya malita 5 yofanana ndi ya mu Mustang. Anaitcha Capri Perana. Chodabwitsa n'chakuti Ford sinakwiye. Inavomereza, magalimotowo n'kumagulitsidwa m'mashopu a Ford ndi chitsimikizo cha kampani, ngati kuti atuluka m'fakitale mwawo. Taganizani, makaniko wa pa galaja yake kufika pamenepo! Kuyambira mu 1970 anapanga cha m'ma 500, ambiri achikasu kapena ofiira, ndipo liwiro lake linkapitirira makilomita 220 pa ola, nthawi imene magalimoto ambiri pa msewu ankapuma wefuwefu akafika 140. Ku mipikisano Bob Olthoff ankayendetsa Perana ya mtundu wa lalanje wa fodya wa Gunston, ndipo mu 1970 inapambana pafupifupi paliponse pamene inalowa.

A General Motors zinawapweteka. Katswiri wina wa mipikisano, Basil van Rooyen, anawauza kuti njira ndi yomweyo: tengani Firenza, kagalimoto kakang'ono kochokera ku Vauxhall ya ku Britain, muikemo injini ya malita 5 ya Camaro Z28. Malamulo a mpikisano ankafuna kuti galimoto yotere ipangidwe yokwanira 100 n'kugulitsidwa kwa anthu wamba isanaloledwe kupikisana. Anapanga 100 yomweyo mu 1973, yoyera ya mizere yakuda ndi phiko la aluminiyamu pa buti, dzina lake Chevrolet Firenza Can-Am. Sungani nambala imeneyi, 100, tibwereranso kwa iyo.

Tinene pano kuti magalimoto amenewa sanapangidwire anthu ngati ife. Zaka zimenezo makolo athu ankapita ku Joni pa Wenela kukakumba golide, ankagona m'makomponi ndi pasi m'thumba, ndipo Perana ankangoiona ikudutsa. Galimoto ya anthu akuda nthawi imeneyo inali Valiant ya Chrysler, ya masilinda 6, yolimba ngati bulu, imene inkagwira ntchito ya taxi ku Soweto ndi m'malokeshoni ena ma minibasi asanabwere. Kwa ife Valiant ili ndi mbiri yoposa ena onsewa, ndipo kuigula n'kuikonza sikupweteka thumba ngati Fairmont GT.

Chimene chinapha zonsezi ndi mafuta. Mu October 1973 mayiko a Aluya anachepetsa mafuta chifukwa cha nkhondo yawo ndi Israel, mitengo n'kukwera pafupifupi kanayi, ndipo South Africa anaimana mwapadera chifukwa cha tsankho. Boma linatsitsa liwiro pa msewu kufika makilomita 80 pa ola, malo omwetsera mafuta n'kumatsekedwa usiku ndi kumapeto kwa sabata. Galimoto yothamanga 220 yasanduka mtolo. Ku America nako inshuwalansi inali itakwera kale ndipo malamulo a utsi a 1970 anali atafooketsa injini, GTO n'kutha mu 1974. Ku Joni moto unadzayakanso pang'ono mu 1984 pamene Ford inapanga Sierra XR8 pafupifupi 250, ya V8 ya malita 5, chifukwa cha malamulo a mpikisano omwe aja. Ambiri mwa magalimotowa anagulitsidwa motchipa m'ma 1980, anyamata n'kuwaphwanya, ena kuwazula injini kukaika m'mabaki ndi m'maboti.

Tsopano ku nkhani ya kugula. Pamene panapangidwa 100 kapena 500 zokha, ndipo zambiri zinaphwanyika, musadabwe kuti zabodza zachuluka. Munthu amatenga Capri wamba kapena Firenza wamba, amaikamo V8 yochokera kwina, amapenta mizere, basi wayamba kuitana mtengo wa yeniyeni. Fairmont wamba imasanduka GT ndi boneti ndi zomata. Yotereyi si yoipa kuyendetsa, koma muigule pa mtengo wa yongofanizira. Yeniyeni imadziwika ndi nambala: ya chasisi, ya injini ndi kachitsulo ka nambala komatidwa m'chipinda cha injini, ndipo pa Perana pamakhala ka Basil Green Motors. Eni magalimotowa ku South Africa ali ndi magulu awo amene amasunga kaundula wa nambalazi. Jambulani, afunseni, musanapereke ngakhale ya chikole. Wogulitsa akakana kuti mujambule nambala, nyamukani.

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo apa ife amalonda sitifunika kuphunzitsidwa. Galimoto yogona zaka 20 nthawi zambiri mapepala ake anasowa, kapena ili m'dzina la malemu ndipo chuma chawo sichinagawidwe, kapena inafufutidwa m'kaundula kuti ndi yophwanyika. Popanda mapepala a umwini ndi kalata ya apolisi ya SARPCCO yotsimikiza kuti si yakuba, siituluka pa Beitbridge, ngakhale mutaikweza pa lole. Ndipo nambala ya injini ikasiyana ndi ya pa pepala, chifukwa wina anasintha injini mu 1988 osakalembetsa, mudzagona pa boda mpaka ndalama ya chakudya ithe. Kumudzi nako a MRA akukudikirani. Msonkho wa galimoto umakwera ndi kukula kwa injini komanso ukalamba wake, ndiye ya malita 5.8 ya zaka 50 yalakwa mbali zonse ziwiri. Pitani kwa ejenti akuwerengereni musanagule, osati galimoto itafika kale pa Mwanza.

Pa kukonza, ambiri amaopa injini, pamene injini ndiye yosavuta. Ford 302, 351 ndi Chevrolet 350 zinapangidwa mamiliyoni, masipeya ake atsopano akupangidwabe ndipo ku Johannesburg amapezeka. Mulibe kompyuta, makaniko wodziwa kabuleta amaitha. Chodya ndalama ndi dzimbiri. Yang'anani pansi pa makapeti, mu buti, m'munsi mwa zitseko, mozungulira magalasi, ndi pamene masipuling'i amagwira. Tengani maginito, muwayendetse m'mbali: pamene sakugwira ndiye kuti anamatapo phala n'kupenta pamwamba. Galimoto imene yakhala moyo wake wonse ku Durban kapena ku Cape Town imakhala itadyeka ndi mphepo ya mchere, pamene ya ku Free State kapena ku Karoo penti imapsa ndi dzuwa koma chitsulo chili bwino. Timasankha yopsa penti nthawi zonse. Kenako pali tizinthu ting'onoting'ono: nyali, magalasi, mabampala, timizere tonyezimira, mawotchi a pa dashibodi. Za Fairmont ndi Chevrolet SS muziitanitsa ku Australia, za Capri ku Britain kapena ku Germany, ndi ndalama zakunja zomwe tonse tikudziwa mmene zikusowera. Galimoto yathunthu yosalira imaposa yolira bwino koma yosowa theka la zinthu zake.

Mafuta a lero nawonso si a 1971. Injinizi zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, amene ku South Africa anasiya kugulitsa mu 2006, choncho pokonza mahedi uzani amisiri aike mipando yolimba ya mavavu. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, ndipo ethanol amadya mapaipi akale a labala ndi tizinthu ta mu kabuleta. Sinthani zonsezo. Mabuleki ndi mawaya a magetsi a zaka 50 musakambirane nawo, chotsani muike atsopano.

Ntchito yotereyi imatenga zaka, osati miyezi, ndipo ndalama imene mwaikamo siizungulira ngati ya mabelo kapena ya golosale imene imabwerera pakutha pa mwezi. Taona anzathu atadula mpamba pakati chifukwa cha galimoto yotere, maulendo a ku Joni n'kuchepa, galimotoyo ili pa njerwa kwa wopenta amene walandira kale theka. Ngati mukufuna kuyamba, ikhale ndalama yapadera, ndipo amisiri muziwalipira gawo ndi gawo, ntchito mutaiona ndi maso. Kuwotcherera ndi kupenta mukhoza kuchitira kumudzi kumene amisiri ndi otsika mtengo, koma injini ndi giyabokosi zikonzedwe ku Joni komwe kuli makina ndi masipeya. Ndipo pobwera nayo musayese kuiyendetsa. Kuchokera ku Johannesburg kudzera Harare, Nyamapanda ndi Tete kufika Blantyre ndi makilomita opitirira 1,700, V8 yakale imamwa ngati kalole, ndipo kutentha kwa ku Tete kumaphulitsa ngakhale rediyeta yatsopano. Kambiranani ndi anzathu a magalimoto onyamula magalimoto amene amakwera chakumpoto ali ndi malo.