Buku Lopanda Mapeji Omaliza

Buku loyamba limene ndinawerenga popanda munthu wondituma linalibe mapeji omaliza. Ndinali mu Giredi 7 ku Matero, ndipo bukulo ndinalipeza pansi pa matilesi a asisi anga. Linali Evbu My Love, lolembedwa ndi Helen Ovbiagele wa ku Nigeria. Cikuto cake cinali comatidwa ndi selotepi, ndipo mkati munali maina a anthu asanu amene analiwerenga ine ndisanaligwire. Ndinaliwerenga masiku awiri, kuseri kwa nyumba, ndiwo zili pa mbaula. Nditafika kumapeto ndinapeza kuti nkhani yadukira pakati pa ciganizo. Asisi anandiuza kuti naonso analilandira lili tero, mwina wina anakulungira nshawa.

Lero ndimaphunzitsa ana a msinkhu umenewo, a zaka 12 mpaka 15. Pa msinkhu uwu nthano za Kalulu ziyamba kuoneka zacibwana, koma mabuku a akulu akali olemera. Mwana afuna nkhani ya munthu wofanana naye: wokonda wina mobisa, wokangana ndi makolo, wosowa ndalama ya sukulu. Akaipeza, adzawerenga moyo wake wonse. Akaisowa, nthawi zambiri kuwerenga kumathera pomwepo, n'kutsala kwa mayeso cabe. Tsiku lina mtsikana wa m'kalasi langa anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, buku la Cinyanja limene munakonda muli ngati ine ndi liti?" Ndinayamba kuchula mabuku a Cingelezi okhaokha. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo anandituma kufufuza kumene mabuku a acinyamata anacokera m'dziko lino, ndi cifukwa cake ambiri a iwo sali m'cinenero cimene timalota naco.

Nkhaniyi iyambira kutali. Mu 1933 munatuluka buku lochedwa Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma ku Nyasaland. Linapambana pa mpikisano wa zolembedwa m'zinenero za mu Africa, ndipo caka cotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Cingelezi ndi mutu wakuti Man of Africa. Bukuli litsata munthu mmodzi kucokera pa kubadwa mpaka imfa. Mbali imene imakoma kwambiri ndi ya unyamata wake, pamene Nthondo ndi mwana wovuta, wakuba ndi wosamva. Kumapeto amakhala mfumu ndipo amatembenuka mtima, monga mmene amishoni anali kufunira kuti nkhani zizithera. Komabe onani: limodzi la mabuku oyamba a nkhani yaitali m'cinenero cathu ndi la mnyamata amene akukula. Tinayamba bwino.

Kuno kwathu, boma la atsamunda linakhazikitsa komiti yoona za mabuku a anthu akuda ku Ndola mu 1937. Mu 1948 nchitoyo inapita ku bungwe la Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, limene likulu lake linali mu Lusaka. Bungweli linali kulandira zolemba za aphunzitsi, makalaliki ndi alaliki, kuzikonza, ndi kupeza ozisindikiza. Timabuku take tinali tating'ono ndi tochipa, tolowa m'thumba la kabudula. M'Cibemba, Stephen Mpashi analemba nkhani za cikondi, za usilikali ndi za apolisi, ndipo anthu a ku migodi anazikonda. M'Cinyanja, mabuku anali kuoloka malire a Chipata ndi Mchinji popanda vuto, pakuti owerenga anali amodzi. Ndiye cifukwa cake ambuya athu a ku Katete ndi a ku Dedza akumbukira mabuku ofanana, monga Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe a John Gwengwe, kapena Zomfula Mkazi Wacimasomaso la Jacob Zulu.

Mabuku amenewa anali ndi khalidwe limodzi: anali kulangiza. Wolemba anali ngati nkhalamba ya pa bwalo, wowerenga ngati mwana wokhala pansi manja ali pa maondo. Mtsikana wokonda za m'tauni anali kuthera m'mavuto, mnyamata wonyoza akulu anali kulangidwa. Sindikuwanyoza. Cinyanja cake ndi cokoma kuposa cimene ambiri a ife tingalembe lero. Koma tauni m'mabuku amenewa inali malo otayikirako, pamene kwa mwana wobadwira ku Chawama kapena ku Kanyama tauni ndiye kwao.

Kusintha kwakukulu kunabwera pambuyo pa ufulu. Mu 1966 lamulo la maphunziro linaika Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Zifukwa zake zinali zomveka pa nthawiyo: dziko la zinenero zambiri linali kufuna umodzi, aphunzitsi anali kutumizidwa ku cigawo ciliconse, ndipo ana a ogwira nchito anali kusamuka kawirikawiri. Koma zotsatira zake pa kuwerenga zinali zazikulu. Cinyanja cinatsala phunziro limodzi pa taimutebulo, ndipo mwana anaphunzira msanga kuti buku lenileni ndi la Cingelezi. Wofuna kulembera acinyamata anaona kumene owerenga apita, nayenso anatsata.

Sikuti zonse zinazima. M'zaka zomwezo bungwe la Kenneth Kaunda Foundation linatsegula kampani yosindikiza mabuku ya NECZAM, imene inatulutsa mabuku m'Cingelezi ndi m'zinenero zathu. Ndipo nkhani zokoma koposa za Cinyanja za nthawi imeneyo zinali kumveka pa wailesi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Julius Chongo anali kusimba nkhani zake pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, akusintha mau kukhala nkhalamba, mtsikana, wapolisi kapena fisi, yekhayekha pa maikolofoni. Amalume anga amati ikafika nthawi yake, ana a nyumba zinayi anali kusonkhana pa khomo limene linali ndi wailesi ya mabatire amoyo. Zina mwa nkhani zake zinasindikizidwa m'buku la Fumbi Khoboo! Chongo anaonetsa kuti Cinyanja cingathamange, cingaseketse, cingaopseze, ndi kuti wacinyamata angacimvetsere popanda womukakamiza. Ca m'ma 1971 kunabweranso magazini ya Orbit, ya ana a sukulu, yokhala ndi nkhani za zithunzi ndi za sayansi, koma iyo inali ya Cingelezi.

Kenako mkuwa unagwa mtengo pakati pa zaka za m'ma 1970. Mapepala, inki ndi zipangizo za makina osindikizira zinali kugulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo ndalamazo zinasowa. Pocepa cakudya mayi amayamba wapatsa wodwala: mapepala amene analipo anapita ku mabuku a silabasi. Nkhani zongowerenga pofuna kusangalala zinakhala zomalizira pa mzere, ndipo za m'zinenero zathu zinali kumbuyo kwenikweni.

M'mpata umenewo ndi mmene munalowa ma Pacesetters. Kampani ya Macmillan inayamba mndandanda umenewu mu 1977 ndi buku la Agbo Areo lochedwa Director!, ndipo pomafika m'ma 1990 mabuku anali pafupifupi 130. Heinemann inali itayamba kale African Writers Series mu 1962, mndandanda wa Things Fall Apart, umenenso unatulutsa The Tongue of the Dumb la Dominic Mulaisho mu 1971. Koma amenewo anali mabuku a m'kalasi, ofuna mphunzitsi pambali. Pacesetter inali ya pansi pa desiki. Inali yaifupi, Cingelezi cake cosavuta, cikuto cake ca mitundu yowala, pali mwamuna wa mfuti kapena mkazi wa ndolo zazikulu ndi galimoto kumbuyo. Nkhani zake zinali za cikondi, katangale, akuba ndi ndalama zobwera mwadzidzidzi. Cacikulu cinali cakuti anthu ake anali akuda, okhala m'mizinda ya mu Africa, okwera mabasi odzaza ngati athu. Kalu Okpi analemba The Smugglers, David Maillu wa ku Kenya For Mbatha and Rabeka, Andrew Sesinyi wa ku Botswana Love on the Rocks. Mohammed Sule anali ndi zaka pafupifupi 20 cabe pamene The Undesirable Element linatuluka.

Ife a m'badwo wanga tinawapeza atakalamba kale. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 atsopano sanali kubweranso, ndipo otsalawo anali kuyenda m'manja ngati ndalama yakale. Tinali ndi malamulo athu osalembedwa. Buku unali kukhala nalo masiku awiri. Ukalitaya, unali kulipira ndi mabuku awiri. Wokhala ndi buku limodzi anali ndi mwai wowerenga makumi awiri, malinga adziwe kusinthana. Pamodzi ndi ma Pacesetters panali kuyendanso mabuku obwera ngati salaula, ogulitsidwa pansi m'mbali mwa miseu ya m'tauni: Nancy Drew, Hardy Boys, Sweet Valley High, ndi a James Hadley Chase amene tinali kukutira ndi pepala la khaki kuti aoneke ngati buku la masamu. Ndinadziwa maina a miseu ya ku California ndi ya ku Lagos. Msewu wa kwathu, wa fumbi ndi ngalande, sindinaupezepo m'buku lililonse.

Ndinaupeza mocedwa, ndili ku sekondale, m'buku la Binwell Sinyangwe la A Cowrie of Hope, limene linatuluka mu 2000. Nasula, mayi wamasiye wa kumudzi, abwera ku Lusaka ndi thumba la nyemba kuti apeze ndalama ya sukulu ya mwana wake Sula, ndipo munthu wovala bwino amubera pa msika. Ndinaliwerenga mtima uli m'mwamba, cifukwa msika umenewo ndinali kuudziwa fungo lake, ndipo amai anga anagulitsapo tomato kuti ine ndilembe mayeso. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti zimene zimacitika pa khomo pathu nazonso ndi nkhani yoyenera buku.

Kucokera nthawi imeneyo zinthu zasunthako. Ellen Banda-Aaku anapambana mphotho ya Macmillan mu 2004 ndi buku la ana la Wandi's Little Voice, ndipo Patchwork, nkhani ya mtsikana wokulira mu Lusaka, inapambana mphotho ya Penguin mu 2010. Mu 2007 laibulale yoyamba ya Lubuto inatsegulidwa ku Kamwala, yolandira ngakhale ana a m'miseu. Mu 2019 Mubanga Kalimamukwento anatulutsa The Mourning Bird, nkhani yowawa ya Chimuka, mtsikana amene imfa ya makolo imuponya m'miseu ya Lusaka. Limeneli ndimapatsa okulirapo. Mu 2014 masukulu anayamba kuphunzitsa magiredi oyamba m'zinenero za m'dera. Ana ambiri amene ndaphunzitsa anayamba kuwerenga m'Cinyanja, cinthu cimene ine sindinacione.

Koma apa ndi pamene pali bala. Mwana amene waphunzira kuwerenga Cinyanja ali ndi zaka 7 amapeza timabuku ta zithunzi, ta nyama ndi ta ukhondo. Akafika zaka 13 n'kufuna nkhani ya cikondi coyamba, ya mnzake amene watenga mimba, ya mkulu wake amene walowa m'gulu la anyamata ovuta a m'komboni, shelufu ya Cinyanja imakhala itatha. Cotsala ndi mabuku a mayeso, ambiri olembedwa ambuya ake asanakwatiwe. Mlatho wocoka ku nthano kupita ku mabuku a akulu tinaumanga ndi Cingelezi, ndipo mwana amene Cingelezi cimamuvuta amatsala tsidya lino, n'kumaganiza kuti iye ndiye alibe mutu wa mabuku.

Mtsikana uja ndinamuyankha patapita sabata. Ndinamubweretsera Sikusinja ndi Gwenembe ndi A Cowrie of Hope, ndipo ndinamuuza zoona, kuti buku limene anali kufunsa, la Cinyanja ca mu Lusaka, la mtsikana wa msinkhu wake, ine sindinakule nalo. Ndinamuuzanso zimene tinacita ndi Evbu My Love. Titalephera kupeza mapeji otayika aja, ine ndi anzanga awiri tinang'amba mapepala pakati pa kope la sayansi, aliyense n'kulemba mathero ake. Mnzanga wina anapha mwamuna wa m'nkhaniyo, wina anawakwatitsa. Ine ndinayamba m'Cingelezi, koma pofika pa mkangano mau anandithera, ndipo ndinamaliza m'Cinyanja. Tinamata mathero onse atatu kumbuyo kwa buku n'kulipereka kwa wotsatira.

Inu amene muwerenga izi pa foni, mwina usiku malaiti atapita, muli ndi cimene Ntara analibe, ngakhale Chongo: simufunika komiti ya ku Ndola, mapepala ocokera kunja kapena maikolofoni ya boma kuti nkhani yanu ifike kwa anthu. Mumalemba kale Cinyanja tsiku lililonse pa WhatsApp, ndipo mumadziwa mmene kondakitala amakambira, mmene amai amakalipira, mmene mnyamata amanamira. Mtsikana wa m'kalasi langa wayamba kale. Ali pa peji 11 ya kope lake, ndipo nkhani yake iyambira pa mzere wa pa pompi, 05:00 koloko m'mawa, pamene cigubu ca munthu wina casowa. Anzake atatu akuyembekeza kuti amalize, ndipo amupatsa masiku awiri.