Khomo la tchalitchi cha St Andrew's

Mtima wa David Livingstone uli m'nthaka ya Zambia. Iye anamwalira pa 1 May 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, kummwera kwa nyanja ya Bangweulu. Anthu amene ankayenda naye, motsogoleredwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa mpundu. Jacob Wainwright, mnyamata wowomboledwa ku ukapolo, ndiye anawerenga mapemphero a maliro n'kuzokota dzina la malemuyo pamtengopo. Thupi analiumitsa, nalinyamula miyezi pafupifupi 9 mpaka ku Bagamoyo, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Bwana wawo anali atafa, ndiye panalibe wowalamula kapena wowayang'anira. Anangochita zimene mtima unawauza.

Ine ndimaphunzitsa mbiri kuno ku Livingstone, ndipo nkhani imeneyi ana ambiri amaidziwa, makamaka amene analowako mu Livingstone Museum. Koma pali ina imene inachitika m'tauni yathu momwe muno, yomwe sikambidwa kawirikawiri.

Tauni ino inakhazikitsidwa mu 1905, chaka chimene mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya unatha kumangidwa. Azungu anachoka ku Old Drift, kufupi ndi Zambezi, kumene malungo ankawapulula, n'kudzamanga kumtunda kuno. Mu 1911 tauniyi inakhala likulu la Northern Rhodesia, mpaka mu 1935 pamene boma linasamukira ku Lusaka. Kuyambira pachiyambi, malo okhala anagawidwa potengera khungu. Azungu anatenga pakati pa tauni, pomwe anthu akuda, amene ankawaphikira, kuwachapira ndi kunyamula katundu wa pa njanji, anawaika ku komboni monga ya Maramba.

Mu 1910 kunafika John Edward Hine, bishopu woyamba wa mpingo wa Anglican m'dziko muno. Anatumidwa ndi bungwe la UMCA, limene linabadwa chifukwa cha pempho limene Livingstone anapereka ku Cambridge mu 1857, loti amishoni apite ku Africa. Hine sanali mlendo pakati pa anthu akuda. Anali dokotala, ndipo anali atakhalapo bishopu ku Likoma, pa nyanja ya Malawi, komanso ku Zanzibar, kumene tchalitchi chachikulu chinamangidwa pamalo amene kale ankagulitsirapo akapolo.

Azungu a m'tauni muno ankafuna tchalitchi chokumbukira Livingstone, ndipo chinamangidwadi mu 1910 ndi 1911. Ndicho St Andrew's chimene tikuchiona lero. Mkangano unabuka pa funso limodzi lokha: alowemo ndani? Ambiri mwa azunguwo ankafuna kuti chikhale chawo chokha. Hine anatsutsa zimenezo, chifukwa sanaone chifukwa choti nyumba ya Mulungu itsekedwe kwa Mkhristu wakuda. Maganizo akewo anamudanitsa ndi anthu omwe ankayenera kukhala nkhosa zake za m'tauni.

Taganizirani bwino. Pakanakhala kuti azunguwo apatsidwa zonse zimene ankafuna, munthu ngati Jacob Wainwright, amene anapempherera Livingstone pa maliro ake, akanaimitsidwa pakhomo pa tchalitchi chomangidwa pokumbukira Livingstone yemweyo.

Ndikamakamba nkhaniyi m'kalasi, ena amafulumira kunena kuti azungu aja anali achiphamaso basi. Ine ndimaona kuti nkhaniyo ndi yowawa kuposa pamenepo. Anthu aja anasonkha ndalama zawo, ankaimba nyimbo ndi mtima wonse, ankabatiza ana awo ndi kulira abale awo amene malungo anawatenga. Mukanawafunsa, akanayankha mosakayika kuti amakhulupirira. Vuto linali lakuti chikhulupiriro chawo chinali ndi malire, ndipo malirewo anali pakhomo. Munthu amene wawaphikira chakudya cham'mawa pa Sande sankamufuna pa benchi imodzi nthawi ya mapemphero. Munthu angathe kumva kutentha mumtima popemphera, pomwe mtimawo uli wogawanika.

M'nthawi ya Hine yomweyo, kum'mawa kwa dziko lino kunali wansembe wina amene olankhula Chinyanja tiyenera kumudziwa. Leonard Kamungu anali Mchewa wochokera ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota, ndipo anadzozedwa unsembe mu 1909. Anasiya kwawo n'kukayambitsa ntchito ya mishoni ku Msoro, pakati pa Akunda, ndipo anamwalira komweko mu 1913. Mpingo umodzimodziwo unali ndi munthu wakuda woyenera kuima paguwa ku Msoro, pomwe ku Livingstone anthu ankakanganabe ngati wakuda angakhale pa benchi. Hine anasiya udindo wake mu 1914.

Lero makomo a matchalitchi athu ndi otseguka. Tinalandira ufulu mu 1964, ndipo pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Dzina tili nalo, monga momwe azungu aja analili ndi dzina la Livingstone. Funso la Hine ndilo silinathe, langosintha malaya. Mpando wakutsogolo umapatsidwa kwa ndani, wobwera pa galimoto kapena mayi wogulitsa tomato pa msika wa Maramba? Mtsikana wantchito amene timaimba naye kwaya imodzi, timamulipira pa nthawi yake? Posankha akuluakulu a mpingo, timayamba tafunsa ngati munthuyo ndi Mlozi, Mtonga kapena wa kum'mawa?

Inu achinyamata a ku Dambwa, Libuyu ndi Linda, mukamadutsa pa St Andrew's popita m'tauni, imani pang'ono muyang'ane khomo lake. Kenako Sande ikubwerayi, kutchalitchi kwanu, muone amene wakhala yekha kumbuyo, mukakhale naye.