Vinyo wa ku Tete: wobwera ndi alendo, wopsa ndi dzuwa

Amene anadutsapo pachipata cha Mwanza n'kulowa ku Zóbuè amaudziwa mtsetse wa msewu umenewu. Kumtunda kuli mapiri ndi kamphepo kayeziyezi, koma ukatsika makilomita pafupifupi 100 kukafika ku Moatize, malaya amakhala atamatirira kumsana. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Kuno n'kwa malambe, masau ndi mbuzi, mphesa si kwawo. Komabe m'masitolo akuluakulu a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, womwe uli pamtunda wa makilomita 20 okha, mabotolo a vinyo wa ku Portugal ndi ku South Africa amakhala atandandalikidwa bwinobwino, ndipo ogula alipo. Kwa zaka pafupifupi 500 vinyo wakhala akufika m'chigwa cha Zambezi chimenechi m'katundu wa anthu obwera kudzatengako kanthu, golide, minyanga, anthu ogwira ntchito, ndipo posachedwapa malasha.

Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, maso ali pa golide wa Mwenemutapa. Mbiya ya vinyo inkachoka ku Lisbon, n'kuzungulira kumwera kwa Africa kwa miyezi yambiri, kenako n'kukwezedwa m'mabwato opalasa ndi manja kulimbana ndi madzi a Zambezi. Wambiri ankafika atasasa. Eni minda ikuluikulu ya prazo, omwe anakwatira konkuno ndipo ana awo ankayankhula Chinyungwe ndi Chisena, sankadikira zombo. Ankamwa mowa wamasese ndi nipa, kachasu wa m'chigwachi. Amene analibe kuchitira mwina anali ansembe, poti lamulo la Mpingo wa Katolika silisintha: pa Misa pamafunika vinyo wa mphesa, osati wa chipatso china. Ansembe a chipani cha Dominican ndi a Jesuit, kuphatikizapo aja anatsegula mishoni ya Boroma m'zaka za m'ma 1880, ankayenera kusunga vinyo mosamala kuno, kumubisa kumalo kozizira ndi kumuthira pang'onopang'ono kuti afike chaka chamawa.

Vinyo anasefukira ku Mozambique chifukwa cha kachilombo kamene kanagwa ku Ulaya. Kachilomboka, kotchedwa phylloxera, kamadya mizu ya mpesa, ndipo kuyambira m'ma 1860 kanasakaza minda ya ku France. Afalansa anayamba kugula vinyo wochuluka ku Portugal, alimi akumeneko n'kukuza minda. France itadzalanso mipesa yake yolumikiza pa mizu ya ku America, msika uja unatsekeka, Apwitikizi n'kutsala ndi migolo yosowa kopita. Boma la ku Lisbon linatembenukira ku Africa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 linakhwimitsa malamulo oletsa anthu akuda kutcheza mowa wawo, makamaka kumwera kwa mtsinje wa Save, kwinaku likupeputsa msonkho wa vinyo wochokera kwawo. Pakamwa ankati akuteteza thanzi la anthu. Koma vinyo amene ankabwerayo anali wotsika, wowonjezera ukali kuti asawonongeke panjira, ndipo eni magolosale ankamusungunulanso ndi madzi. Amene ankamudikira kwambiri anali amuna obwerera kuchokera kumigodi ya ku Johannesburg ndalama zili m'thumba. Wolemba mbiri José Capela, amene anagwirapo ntchito ya utolankhani ku Beira, anafotokoza malonda amenewa m'buku lake la mu 1973 lotchedwa O Vinho para o Preto, ndipo mutuwo ndi dzina limene amalondawo ankatchula poyera: vinyo wa munthu wakuda.

Tete ali kumpoto kwa Save, choncho chikwapu cha malamulowa sichinagwe mofanana ndi kumwera, koma kantini ya Mpwitikizi kapena Mmwenye inafika pafupifupi paliponse pamene panali msewu. Agogo athu a m'malire amachikumbukira chibotolo chija cha malita 5, garrafão, cha mimba yaikulu ndi khosi lalifupi, cholukiridwa m'dengu kuti chisasweke pa lole, chokhala ndi chogwirira pambali. Mwini kantini ankachipendeketsa pa kauntala n'kuthirira m'tambula, wogula n'kumwera chiimire. Vinyo akatha chibotolocho sichinkatayidwa. Chinkasunga palafini, mafuta ophikira, kapena nipa yemwe boma linkadana nayeyo.

Moatize inakula ndi malasha. Njanji yochokera ku Dona Ana inafika mu 1949, ndipo nayo kunabwera akapitawo, amakaniko ndi akalaliki achipwitikizi, anthu oti chakudya chamasana popanda tambula ya vinyo wofiira sichinali chakudya. Ntchito yomanga damu la Cahora Bassa kuyambira 1969 mpaka 1974, pamodzi ndi asilikali obwera kudzamenyana ndi Frelimo, zinachulukitsa ludzulo. Patebulo la bwana pankakhala vinyo wa botolo wa ku Dão kapena ku Douro, ndi Mateus Rosé wa botolo lophwatalala, yemwe anayamba kupangidwa mu 1942. Munthu wakuda wofuna chiphaso cha assimilado ankayenera kuonetsa kuti amayankhula, amavala ndi kudya Chipwitikizi, ndiye tambula ya vinyo patebulo inasanduka mbali ya mayeso a ulemu. Kumtunda ku Zóbuè kunali seminale yaing'ono yoyendetsedwa ndi ansembe a White Fathers, omwewo amene ife timawadziwa ku Mua ndi ku Bembeke. Mu 1971 chipanichi chinachoka mu Mozambique monse, pokana kukhala chete pamene mpingo unkaoneka kuti ukugwirizana ndi atsamunda.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, eni makantini ambiri analongedza. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatseka njanji ya ku Beira, malole a pamsewu wa Zóbuè ankayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Pa zaka zimenezo palibe amene ankafunsa za vinyo. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Chimene tingachitche kukonda vinyo ngati chosangalatsa, kulawa, kuyerekeza ndi kusunga, n'chaposachedwa, ndipo chinabwera ndi malasha kachiwiri. Kampani ya Vale ya ku Brazil inapatsidwa chilolezo cha mgodi wa Moatize mu 2004 n'kuyamba kukumba mu 2011, chaka chomwe Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale yomwe inali ndi mgodi wa Benga. Mwadzidzidzi Tete anadzaza ndi Abrazil, anthu a ku Australia ndi ku South Africa, ndi Apwitikizi achinyamata othawa ulova kwawo. Mahotela ndi malo odyera anamera, lendi inakwera mopanda chisoni, mlatho wachiwiri wa pa Zambezi, wa Kassuende, n'kutsegulidwa mu 2014. Mainjiniya ndi owerengera ndalama a ku Mozambique komweko, obwera kuchokera ku Maputo ndi ku Beira, anaphunzira kusiyanitsa vinho verde wowawasira pang'ono monga Casal Garcia, yemwe amamwedwa wozizira kwambiri, ndi Pinotage wolemera wa ku Stellenbosch, mphesa imene Abraham Perold anaipanga mu 1925. Tisaiwale kuti pamsewu womwewu wopita ku Zóbuè pali Cateme, kumene anasamutsirako mabanja ochotsedwa pamalo a mgodi, omwe mu Januwale 2012 anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Ndalama za malasha zimene zinadzaza mashelefu sizinafike pakhomo lililonse.

Wosunga vinyo ku Moatize mdani wake wamkulu ndi dzuwa. Vinyo amafuna malo amdima ozizira madigiri 12 mpaka 14, botolo litagona cham'mbali kuti chotsekera chake cha khungwa chisaume. Tsono taganizirani botolo limene lakwera lole kuchokera ku Beira, kapena kuchokera ku Johannesburg n'kugona masiku pachipata cha m'malire cha Cuchamano, kenako lakhala m'sitolo ya malata. Odziwa amayamba ayang'ana kukhosi. Ngati chotsekera chatukumuka n'kukankha kachipewa kake, kapena pali kamzere komata kotsikira papepala la dzina, vinyoyo anafufuma ndi kutentha, mpweya unalowa. Ukathira m'galasi, wofiira amaoneka wofiirira ngati njerwa, fungo la zipatso latha, m'kamwa akumveka ngati jamu wopserera. Botolo lodula limapsa mofanana ndi lotchipa. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti munthu wa ku Tete wogula vinyo wamng'ono wa chaka chatha, wotsekera ndi chitsulo chopotokola, ndi wanzeru kuposa wodzitama ndi botolo lakale lopanda firiji yake yapadera. Ngakhale wofiira amene mabuku a ku Ulaya amati amwedwe osaziziritsa, kuno amafuna kaye mphindi 20 mufiriji, poti mabukuwo analembedwa m'nyumba zozizira. Vinyo amene kutentha sikumuopsa ndi wa pachilumba cha Madeira, amene amamutenthetsa dala pa madigiri 45 mpaka 50 kwa miyezi 3. Luso limeneli linayamba ataona kuti migolo yoyenda pazombo m'mayiko otentha inkabwerako ikukoma kuposa mmene inapitira.

Koma tisanamizane kuti kulawa chakumwa kunabwera ndi galasi la mwendo. Mayi wotcheza nipa wa masau amanyika zipatso zouma mumgolo kwa masiku angapo, ndipo amadziwa ndi mphuno komanso phokoso la thovu kuti zapsa. Amathira mumphika waukulu, n'kumata chivundikiro kuti nthunzi isathawe, paipi n'kuidutsitsa m'madzi ozizira, madontho n'kumagwera m'botolo. Botolo loyamba, mutu, amaliika padera ndipo mtengo wake ndi wina. Wogula wodziwa amadonthezera pang'ono pamoto kuti aone lawi, ndipo amatha kunena kuti uyu ndi wa masau okhaokha, uyu anamuthira shuga wambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti lusoli lilibe chizindikiro papepala kapena woyeza ukali, ndipo paipi yadzimbiri imavulaza anthu. Kuno kwathu kampani ya Linga ya ku Lilongwe inaonetsa kuti jambula, magwafa ndi chidede zingapereke vinyo wa m'botolo wogulitsika m'masitolo akuluakulu, pamene masau a ku Tete ndi manachesi a ku Mwanza amangogulitsidwa m'mabeseni m'mbali mwa msewu.

Vale inagulitsa mgodi ndi njanji ya ku Nacala, yodutsa m'Malawi muno, kwa kampani ya Vulcan ya ku India, ndipo malondawo anatha mu Epulo 2022. Ambiri mwa Abrazil aja anabwerera kwawo, koma anthu a ku Mozambique amene anazolowera vinyo nthawi imeneyo akadagulabe. Wochenjera amagula mu Juni ndi Julayi, malole akamayenda kunja kukuzizirirako, ndipo amaonetsetsa kuti Okutobala asamupeze ndi botolo limene alibe poliziziritsira.