Mkungudza: dzina limodzi, mitengo yosiyana

Mawu akuti mkungudza amatanthauza mitengo ingapo yosiyana, ndipo wofuna kudzala mtengowu ayenera kuwamvetsa asanagule mbande. M'Buku Lopatulika, dzinali limaimira mtengo wa ku Lebanon womwe Solomo anamangira kachisi, umene akatswiri a zomera amautcha Cedrus libani. Kwathu kuno limatanthauza makamaka mtengo wa paphiri la Mulanje, Widdringtonia whytei, womwe dzina lake lachiwiri limakumbutsa Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland. Iwiriyi imafanana pokhala yobiriwira chaka chonse komanso ya matabwa onunkhira, koma si ya banja limodzi. Wa ku Lebanon ndi m'bale wa paini, pomwe wa ku Mulanje ali ndi timasamba tonga mamba tomamatira kunthambi.

Ena anganene kuti dzina ndi dzina basi, anthu amamvana. Pocheza n'zoona, koma podzala ayi. Paphiri la Mulanje lomwelo pali mnzake wa whytei, Widdringtonia nodiflora, amene amaphukiranso patsinde moto ukadutsa. Whytei akapsa ndiye kuti wapita, ndipo amakula bwino kumalo okwera, ozizira ndi a nkhungu. Wodzala mosasiyanitsa angasamalire mtengo wina zaka zambiri akuganiza kuti akupulumutsa whytei, mtengo wa fuko, womwe odula matabwa autha pafupifupi wonse kuthengo. Choncho pogula mbande musangoti mkungudza, funsani ngati ndi whytei komanso komwe njere zake zinachokera.