Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Dzala, ku Chikanda ndi Kutsidya kwa Nyanja

M'mwezi wa Sepitembala chaka cha 2004, boma la United States linafafaniza dzina la malo otchedwa Love Canal m'kaundula wake wa malo odetsedwa ndi zinyalala zakupha. Munthu womva mbiriyo ali kutali akanayesa kuti inali ntchito yopepuka ya mlembi wa mu ofesi, wongotenga cholembera n'kudula mzere pa dzina. Koma eni dera ankadziwa kuti mzere umodziwo unagulidwa ndi zaka 26 za misozi, milandu, kusamuka kwa mabanja mazanamazana ndi chuma chosaneneka. Ngakhale zinachitikira kutsidya kwa nyanja zamchere, nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Zomba, makamaka a ku Chikanda okhala kumunsi kwa mzinda, kumene madzi otsika m'phiri ndi m'misewu amadzera popita ku Chilwa. Pakuti funso lakuti malo amene anthu anawadetsa angayeretsedwe bwanji, ndi lakuti ndani angachitire umboni kuti ayeradi, latifikira ife lomwe pakhomo.

Dzala la makolo

Makolo athu Amang'anja ndi Ayao, amene anamanga midzi m'tsinde mwa phiri la Zomba Azungu asanafike, anali ndi dzala kuseri kwa nyumba iliyonse, ndipo sankaliopa, chifukwa zonse zotayidwapo zinali zochokera m'nthaka ndipo zinkabwerera kunthaka: phulusa la pamafuwa, makoko a nthochi ndi a nandolo, zitsononkho za chimanga, zosesa za pabwalo ndi mapale a mbiya zosweka. Mvula ikagwa, padzala pankamera maungu, bonongwe ndi luni popanda wofesa, kotero kuti mayi ankathyola ndiwo pomwe anataya zinyalala chilimwe chathacho. Ndipo dzala likadzaza ankalikwirira, n'kubzalapo nthochi, n'kukumba lina. Chilamulo cha Mose, m'buku la Deuteronomo, chinalamula ana a Israeli kupatula malo kunja kwa msasa ndi kukwirira zonyansa zawo. Makolo athu, bukulo asanalione n'komwe, ankasunga mwambo womwewo. Dzala lotere silinkafuna kaundula, pakuti nthaka inkamaliza yokha ntchito yoliyeretsa mvula ziwiri zisanathe.

Boma lifika m'tsinde mwa phiri

Zinthu zinayamba kusintha pamene John Buchanan anatsegula minda yake m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, namangira kazembe wa Britain nyumba m'chaka cha 1886, yomwe pambuyo pake inadzakhala Hotela ya Masongola. Ndipo mu 1891 Harry Johnston anakhazikitsa likulu la dziko ku Zomba. Mzindawo unamangidwa motsata kutsetsereka kwa phiri ndi kusankhana kwa nthawi imeneyo: Azungu kumtunda, kumene mphepo n'njozizira ndipo madzi a Mulunguzi amatsika ali mbee, Amwenye ndi masitolo awo pafupi ndi msika, ndipo asilikali, amesenjala, ophika, osamala maluwa ndi onyamula katundu kumunsi. Popeza madzi sakwera phiri, a kumtunda ndiwo ankayamba kumwa, ndipo a kumunsi ankalandira zotsala pamodzi ndi zonse zimene madziwo anatola m'njira. Atsamunda anapita mu 1964, koma kutsetserekako kudakalipo, ndipo mpaka lero amene malo ake ali pafupi ndi Likangala ndiye amasenza zimene mzinda wonse wataya.

Mu 1973 sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College inasamuka ku Blantyre kudzakhala ku Chirunga. Mu 1975 likulu la dziko linapita ku Lilongwe, ngakhale aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. Ambiri ankayesa kuti mzindawu ufota, koma unakulirakulira, nulandira ulemu wa kukhala mzinda weniweni mu 2008, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 105,000. Chikanda anakula pamodzi nawo. Kunadzakhala antchito a kukoleji, amalonda ndi amisiri. Ndipo pamene ophunzira anachuluka kuposa zipinda zogona za pasukulu, eni malo anamanga timanyumba ta lendi tondondozana, mpaka mabwalo amene kale kunali madzala ndi nthochi anadzaza makoma, ndi tinjira tina tinapanikizika kotero kuti galimoto yonyamula zinyalala singalowemo.

Nazonso zinyalala zinasintha mtundu. M'malo mwa makoko ndi phulusa kunabwera majumbo, mabotolo apulasitiki, matewera ongotaya, mababu, mafoni akufa, mabatire a tochi ndi mabatire a galimoto ndi a sola okhala ndi mtovu ndi asidi m'kati mwake. Izi ndi zinthu zimene nthaka singazigaye ngakhale mwana wobadwa lero atafika pomera imvi. Anthu osowa kotaya amaziwotcha madzulo, utsi wake n'kulowa m'zifuwa za ana. Ena amazikhuthulira m'ngalande mitambo ikada, kuti mvula ikamalize. Ndipo ena amadzaza nazo maenje amene oumba njerwa anasiya. Ku Chikanda komweko kulinso malo oyeretsera madzi a m'mipope ya zimbudzi za mzindawu, amene madzi ake amathira mu Likangala. Mtsinjewo ukapitirira umadutsa m'madimba, pamadooko ochapira, ndi m'minda ya mpunga ya sikimu ya Likangala, mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo cholowamo chimakhala momwemo pamodzi ndi matemba, makumba ndi milamba imene timadzagulanso pamsika wa Zomba. Nyanjayi, imene inali yoyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu. Madzi akamachepa motero, zoipa zosungunukamo zimakhala zamphamvu koposa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo zimene tawasenzetsa nazonso siziiwala njira yake.

Dzenje la William Love

Pa zaka zomwezo zimene Johnston ankamanga Zomba, munthu wina dzina lake William T. Love anayamba kukumba ngalande pafupi ndi mathithi a Niagara, m'chigawo cha New York, pofuna kupanga magetsi ndi kumanga mzinda watsopano. Koma chuma chinamuthera, nasiya chidzenje chachitali chodzaza madzi, chimene chinadzatchedwa Love Canal. Kuyambira 1942 mpaka 1953 kampani ya Hooker Chemical inatayamo zotsalira za mankhwala zolemera matani pafupifupi 21,000, nikwirira ndi dothi, nigulitsa malowo kwa akuluakulu oyang'anira sukulu pa mtengo wa dola imodzi yokha, italemba chenjezo m'chikalata chogulitsiracho. Chenjezolo linagona m'mafayilo. Pamwamba pa dzenjelo panamangidwa sukulu, ndipo mozungulira munadzaza nyumba za anthu ogwira ntchito m'mafakitale, amene ambiri mwa iwo sanauzidwe chimene chinali pansi pa mapazi awo.

Patapita zaka zoposa 20, mvula ndi chipale chofewa zitachuluka, migolo yowola ya mankhwalawo inayamba kutumphuka, madzi akuda onunkha nalowa m'zipinda zapansi za nyumba, ndipo ana ankabwera kosewera atapsa manja ndi nkhope. Mayi wina wapakhomo, Lois Gibbs, amene mwana wake ankaphunzira pasukuluyo ndipo ankadwaladwala, anayenda khomo ndi khomo mu 1978 kulemba mayina a anzake ndi matenda a m'mabanja mwawo. M'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho Pulezidenti Jimmy Carter analengeza kuti deralo lagwa m'ngozi, ndipo pomaliza mabanja oposa 900 anasamutsidwa. Kulira kwa mayiyu ndi anzake ndiko kunabala lamulo la Disembala 1980 lodziwika ndi dzina lakuti Superfund, limene linakhazikitsa mfundo ziwiri zazikulu: kuti wodetsa malo ndiye alipire kuyeretsa kwake, ndi kuti malo oopsa koposa alembedwe m'kaundula mmodzi woonekera kwa anthu onse. Love Canal analembedwamo mu 1983, ndipo mu 1995 kampani ya Occidental, imene inagula Hooker, inavomera kubwezera boma madola 129 miliyoni.

Mmene dzina limachokera m'kaundula

Kuyeretsa malo otere sikutanthauza nthawi zonse kufukula zonse n'kupita nazo kwina. Ku Love Canal zambiri zinasiyidwa pomwepo, koma anazitsekera: pamwamba anayala dongo lokhuthala ndi chinsalu cholimba chapulasitiki kuti mvula isalowe, mozungulira anakumba ngalande zapansi zokola madzi akuda otuluka m'zinyalala ndi kuwapititsa kumakina owayeretsa, anachotsa matope oipa m'timitsinje ndi m'mipope yapafupi, anamanga mpanda, ndipo anakumba zitsime zambiri zosamwa, zongoyezera madzi apansi chaka ndi chaka. Pa madzala a mizinda amaikanso mipope yotulutsa mpweya wa methane, umene umabadwa zinyalala zikamawola ndipo umayaka moto ukaunjikana.

Zonsezi zikatha, bungwe la boma loona zachilengedwe la EPA silifafaniza dzina mwakachetechete. Liyenera kupeza chivomerezo cha boma la chigawo chimene malowo ali. Lilengeze cholinga chake m'nyuzipepala ya boma ndi ya m'deralo. Lipatse anthu masiku 30 oti anene maganizo awo. Ndipo liyankhe madandaulo amene alandiridwa. Ngakhale dzina litachoka, ngati zoipa zinakwiriridwa pomwepo, akatswiri amabwerako zaka zisanu zilizonse kudzaona ngati chivundikiro chikadali cholimba, ndipo lamulo lilola kuti malowo abwezedwe m'kaundula zinthu zikaipanso. Mwa njira imeneyi malo oposa 400 achotsedwa, pamene oposa 1,300 akadalimo. Ndipo ngakhale ku Love Canal komweko alipo ena, Lois Gibbs mmodzi wa iwo, amene anatsutsa kuti malo osungabe poizoni pansi atchedwe oyera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ya nthaka yodetsedwa kudekhako kumatenga mibadwo.

Chaona mnzako

Sitifunikira kuwoloka nyanja kuti tione mphotho ya dzala losasamalidwa. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la milu yake likulowabe m'magazi a ana kufikira lero. Ku Addis Ababa, m'mwezi wa Malichi 2017, phiri la zinyalala la Koshe linagumukira nyumba n'kupha anthu oposa 100. Ndipo ku Maputo, mu Febuluwale 2018, dzala la Hulene linagwera anthu ali m'tulo mvula itagwa usiku, n'kupha oposa 15. Kwathu kuno, odutsa pa Mzedi popita ku Limbe ndi okhala pafupi ndi mtaya wa ku Area 38 mu Lilongwe amaudziwa utsi ndi ntchentche za malo otere. Ndipo kolera amene anayamba mu Malichi 2022 n'kutenga miyoyo yoposa 1,700 anatikumbutsa zimene madzi odetsedwa angachite. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Malamulo tili nawo. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amapatsa boma udindo wosamala chilengedwe chifukwa cha mibadwo ya m'tsogolo. Lamulo losamalira chilengedwe la 1996 linalowedwa m'malo ndi la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA. Ndipo chiletso cha mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60, chimene chinaikidwa mu 2015, chinatsimikizidwa ndi Khoti Lalikulu la Apilo mu Julayi 2019. Chotsala ndi chikumbukiro cholembedwa, chimene munthu wamba angachiwerenge.

Pakuti mbiri ya Love Canal, tikaichotsa mayina achilendo, ndi mbiri ya dzenje lokumbidwira ntchito ina, lodzazidwa zinyalala, lokwiriridwa, logulitsidwa, ndi lomangidwapo nyumba ndi anthu osadziwa. Ndipo aliyense woyenda m'makwalala a mizinda yathu waonapo dzenje la njerwa likudzazidwa chaka chino, chaka chamawa n'kuikidwa zikhomo za puloti, kenaka wina n'kukumba chitsime pambali pake. Chikanda ali ndi mwayi umene madera ambiri alibe, chifukwa wayandikana ndi Yunivesite ya Malawi, kumene kuli aphunzitsi ndi ophunzira odziwa kuyeza madzi ndi dothi ndi kujambula mapu, ndipo ambiri mwa ophunzirawo amagona ku Chikanda komweko. Alipo mafumu, makhansala, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndiponso nkhalamba zokumbukira pamene panali dzenje lililonse ndi zimene zinatayidwamo. Umboni wawo uyenera kulembedwa akadali ndi moyo.

Tsono pempho lathu kwa a khonsolo ya mzinda ndi kwa eni mudzi n'lakuti pakhale buku la madzala onse, akale ndi atsopano, aakulu ndi aang'ono, lopachikidwa poyera ku ofesi ya khonsolo ndi kwa mfumu, kuti wogula malo azitha kufunsa chimene chinali pamalopo asanapereke ndalama zake. Dzina lolembedwamo lisachotsedwe mpaka madzi a zitsime zoyandikana atayezedwa m'dzinja ndi m'chilimwe, zotsatira zitawerengedwa pamsonkhano wa anthu m'chinenero chawo, ndipo oyandikana nawo atavomera. Ndipo likachotsedwa, tsamba lake lisungidwe, kuti pasadzamangidwe sukulu kapena kukumbidwa mjigo mosadziwa. Ife amene tinalandira dziko ili kwa makolo lili lotha kudziyeretsa lokha ndife adindo, ndipo mdindo amafunsidwa za chimene anasungitsidwa. Ntchitoyi ingayambe chilimwe chino ndi kope limodzi, mfumu, nkhalamba zingapo ndi ophunzira oyenda nawo kuchokera kumsika wa Chikanda kutsikira ku Likangala, akulemba dzenje lililonse ndi dzina lake.