Mbiri ya Khasu

Tsiku lina madzulo tinali kuceza pakhomo panga ku Matero mu Lusaka, ndipo panabuka mtsutso wakuti, "Kodi mwa zipangizo zonse zogwira ndi manja, cofunika koposa nciti?" Mmisiri wa matabwa anati ndi sowo. Wokonza magalimoto anati ndi sipanala. Ine ndinati ndi khasu, ndipo onse anandiseka nati, "Acimwene, inu mtima wanu ukali kumudzi." Ndinawafunsa cimene anadya masana, ndipo onse anabvomera kuti inali nsima. Cifukwa cace ndaganiza kulemba mbiri ya khasu monga ndinaimva kwa agogo anga, ndi monga anaipeza anthu ofukula zakale.

Kale lomwe m'dziko muno munalibe citsulo. Pa mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala, Desmond Clark anayamba kufukula m'caka ca 1953, napeza nkhwangwa zamwala zambirimbiri. M'caka ca 2023 ofukula ena analengeza kuti pamalo omwewo anapeza mitengo yosemedwa ndi anthu zaka 476,000 zapitazo, ndiponso ndodo yosongola yokumbira pansi. Ndodo yotereyi ndiyo kholo la khasu. Akafula, amene makolo athu anawapeza m'dziko lino, anali kukumba mizu ndi ndodo, nasaka nyama, koma minda analibe.

Kulima kunadza pamodzi ndi citsulo. Pa Kapwirimbwe, mu Lusaka momwe muno, anafukula zotsalira za anthu amene anali kusungunula citsulo m'zaka za m'ma 400, ndipo zinanso zakale zotere zinapezeka pa Kamnama, kufupi ndi Chipata. Munthu atapeza nkhwangwa yodulira mitengo ndi khasu logalauzira nthaka, analeka kuyendayenda m'chire. Anabzala mapira ndi mawere, namanga nkhokwe, ndipo pozinga nkhokwezo panabadwa midzi ndi mafumu.

Agogo anga amuna anali wosula, ndipo pa unyamata wao anatumikira akulu pa ng'anjo. Anandiuza kuti ng'anjo inali kumangidwa ndi dothi la paculu, kutali ndi mudzi, ndipo inali yaitali kupambana munthu. Amuna anali kutha masiku ambiri akuocha makala ndi kukumba miyala ya citsulo. Atathira makala ndi miyala mosanjikiza, anali kuyatsa moto, ndipo unali kuyaka usana ndi usiku. Pa nthawi yonseyo amuna a pa ng'anjo anali kudika, osalowa m'nyumba za akazi ao, pakuti anakhulupirira kuti wina akalakwa citsulo sicidzabadwa. Cikaturuka, anali kucitengera ku cipala. Kumeneko mnyamata anali kupopa mvukuto wa cikopa ca mbuzi, wosula namenya citsulo ndi mwala waukuru kufikira citasanduka khasu lokhala ndi msuka wolowa mu mpini.

Popeza nchito yace inali yowawa cotere, khasu linali cuma. Ndalama kunalibe, tsono anthu anali kugula nalo mcere ndi mbuzi, kulipira mirandu, ndi kupereka mtulo kwa mfumu. Mpwitikizi wina, dzina lace Gamitto, amene anacoka ku Tete m'caka ca 1831 kunka kwa Kazembe, analemba kuti Amaravi anali kusula makasu ndi nkhwangwa nacita nazo malonda. David Livingstone, poyenda m'mapiri a ku Shire m'caka ca 1859, anaona ng'anjo ndi osula m'midzi ya Amang'anja. Kwa Atumbuka a ku Nkhamanga akulu amasimba kuti Mlowoka anakopa mitima ya eni dziko powapatsa nsaru, mikanda ndi makasu, ndipo amati dzina la ufumu wa Cikulamayembe linacokera ku makasuwo, amene m'cinenero cao amachedwa mayembe.

Khasu linalowanso m'miyambo yathu yonse. Mnyamata wokwatira cikamwini anali kuyesedwa m'munda wa apongozi, ndipo wolephera mizere anali kupatsidwa mphasa yace kuti azipita kwao. Wocepa mphamvu anali kufulula mowa naitana dima, ndipo anansi anali kudza ali yense ndi khasu lace. Kukhala wopanda lako kunali manyazi, cifukwa cace akulu amati khasu lobwereka silicedwa kuthyoka. Ngakhale pa tsiku lomariza, adzukulu amakonza nyumba ya malemu ndi khasu lomwelo.

Nanga ng'anjo zinazima bwanji? Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa m'caka ca 1898, Azungu anakhazika boma lao, ndipo posacedwa anaika msonkho wa nyumba. Msonkhowo unafuna ndalama, motero anyamata anayamba kunka ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Amene akadaphunzira kusungunula citsulo anali ku ulendo, makasu natsala m'manja mwa akazi ndi okalamba. Nthawi yomweyo m'masitolo a Mandala ndi a Amwenye munafika makasu opangidwa ndi makina, ochipa ndi osabvuta kupeza. Pofika zaka za m'ma 1930 ng'anjo zambiri zinali zitasanduka mabwinja. Osula anatsala, koma anayamba kusula zitsulo zotola za magalimoto akufa.

Agogo anasunga khasu limodzi la pa ng'anjo, nalibisa patsindwi. Linali lakuda, lolemera, ndi lakutha mbali imodzi. Tsiku limene ndinacoka kumudzi kudzafuna nchito ya ukalaliki, analitsitsa nandigwiritsa, nati, "Mdzukulu wanga, colembera cikakukana, uyu sadzakukana." Pa nthawiyo ndinaseka monga anandisekera anzanga aja. Koma caka cina nchito inandithera, ndipo cimene cinadyetsa ana anga cinali kamunda ka cimanga ndi maungu kamene mkazi wanga ndi ine tinalima kuseri kwa komboni.

Lero kuli mapulawo a ng'ombe ndi mathirakitala, ndipo sindiwanyoza, pakuti khasu limapweteka msana ndipo munda wace sukula. Koma pulawo imafuna ng'ombe, thirakitala imafuna mafuta, pamene khasu lifuna mpini ndi manja basi. Amene anakonza cizindikiro ca dziko la Zambia m'caka ca 1964 anadziwa zimenezi, ndipo pansi pa nkhwazi anaikapo khasu lopingasa ndi piki.

Khasu la agogo lija liri m'nyumba mwanga kufikira lero, ndipo ana anga ndinawaphunzitsa kuika mpini. Inu anzanga a m'tauni, ngati ana anu sadziwa kumene ufa ucokera, atengereni kumudzi mvula ikagwa, akaone nchito ya khasu ndi maso ao.